Mpando wa a Munaitani

Ndine amene ndinawaphunzitsa a Munaitani kukonza galimoto. Anabwera kwa ine osatha kusiyanitsa sipanala ndi supuni, ine ndi mtima wanga wabwinowu n'kuwagwira dzanja mpaka anakhala makaniko wotchuka m'tauni yonse.

Chabwino, tsitsani nsidzezo, ndanama. Ine pa galimoto ndimadziwapo chitseko chokha, nachonso nthawi zina ndimakoka pofunika kukankha. Koma zoti mkuluyo ndinkamudziwa n'zoona, ndipo iye ankandidziwa kuposa mmene ndikanafunira.

Chimene a Munaitani anatchuka nacho n'chakuti sankatsegula boneti mwini galimoto asanaulule. Pakhomo pa galaja yawo, pansi pa kadenga ka malata, panali mpando wa basi yakale, wa anthu awiri, waya wake wina atatulukira kumanzere. Ukafika ndi galimoto yako yodwala, iwo sankaiyang'ana n'komwe. Ankapukuta manja pa kansanza, n'kukulozera mpandowo ndi mlomo. Ukakhala, funso linali limodzi:

"Munaitani?"

Dzina lawo lenileni linafera pomwepo. Ngakhale akazi awo ankawaitana choncho chakudya chikapsa.

"Galimoto sinama," ankatero. "Wonama ndi uyu amakhala kuseri kwa chiwongoleroyu."

A hedi a pasukulu ya kumtunda, munthu amene ana ankaulula atangomva nsapato zake pakhonde, anakhala pampandopo maola awiri akubwereza kuti yangoyamba yokha kutsokomola. A Munaitani anangokhala pa tayala n'kumasenda lalanje. Dzuwa litafika paliwombo, a hedi anayang'ana pansi n'kunena ndi mawu a mwana wa sitandade wani kuti anathira dizilo mu galimoto ya petulo, poganiza kuti mafuta ndi mafuta.

"Mwaonatu, sizinapweteke," anatero a Munaitani. "Mawa mubwere ndi makolo anu."

Abusa nawo anabwera yawo ikukokedwa pa chingwe, nati ndi ntchito ya Satana.

"Satana alibe laisensi, abusa. Munaitani?"

Zinapezeka kuti analumikiza zokuzira mawu zinayi ku batire ya galimoto, n'kulalikira kuyambira m'mawa mpaka batire inalapa. Nanga wogulitsa nyama uja? Iye anakhala pampando kudzaulula za kilatchi, anadzukapo ataulula za mkazi wachiwiri, ana atatu, ndi chala chimene amaika pa sikelo. Mwina pamenepa ndawonjezako mwana mmodzi.

Tsopano mvetserani za mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene ine ndimamutcha Kapitawo chifukwa anayamba kulamula anthu asanamere mano. Atasaka ntchito zaka ziwiri, anaipeza ya udalaivala pa kampani ina. Anam'patsa galimoto yoyera, yatsopano, ya magetsi ambiri pa dashibodi kuposa a mumsewu wathu wonse. Anamuuza kuti amuyesa miyezi itatu, ndipo lamulo lalikulu linali lakuti munthu wina aliyense asakhudze makiyi. Kumene ankachita lendi kunalibe mpanda, choncho Loweruka ndi Lamlungu galimoto inkagona pabwalo panga, makiyi m'kabati mwanga. Ankandikhulupirira mwanayo. Aliyense ali ndi chofooka chake.

Lamlungu la sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, masana, ndinaona mayi wa telala wa nyumba yoyandikana nane akuyanika nsalu. Mayiyo ndi wamasiye, ndipo kwa zaka zisanu ankandipatsa moni wa pamwamba pa mpanda basi. Ine ndinali nditagula kwa ogulitsa a mumsewu kaketulo kobaya pa soketi ya m'galimoto, paja ena amayatsira ndudu, ena amachajira foni. Ndinaganiza kuti mwamuna wophika tiyi m'galimoto si mwamuna wamba.

Sindinaiyendetse, zimenezo mundilembere kumwamba. Ndinangopotokola kiyi pang'ono kuti magetsi ayake, mayi wa telala atakhala kumpando wa kutsogolo ngati mkazi wa bwana. Kaketulo kanaimba, madzi anafunda, ndinathira makapu awiri n'kuwaika pa dashibodi. Nditabayanso kuti ndiphike wachiwiri, ndinangomva kuti thi! Kaketulo zii.

"Mwaiwononga," anatero mayi wa telala.

"Mayi, mukuyankhula ndi munthu wodziwa zamagetsi."

Ndinagwada, ndinapeza kabokosi ka mafyuzi cha kumapazi, tizidutswa tamitundumitundu tondandalikana ngati maswiti. Fyuzi ndi kanthu kamene kamadzipereka kupsa kuti mawaya asapse, zimenezo ndinamvapo. Ndinapeza kabuluu kamene kanada mkati, ndinakazula. Ndinayang'ana kena kabuluu pamzere wapansi, ndinati aka kakungokhala, n'kukasamutsira pamalo pa kakufa kaja. Ndinabaya ketulo. Thi! Nakonso kanapita. Pamenepo ndinabwezera mitembo iwiriyo m'mabowo mwake, ndinatseka kabokosi, ndinapukuta mipando, n'kuuza mayi wa telala kuti tiyi wambiri amawononga mtima.

Lolemba m'mawa Kapitawo anafika atasita yunifolomu moti mzere wa thalauza ukanadula chala. Tsiku limenelo anayenera kukatenga bwana wa mabwana onse ku bwalo la ndege pa leveni koloko, ulendo wa ola lathunthu. Analowa, anapotokola kiyi. Injini inati khwe-khwe-khwe-khwe, osagwira. Anayesanso. Khwe-khwe-khwe.

"Malume, mwaigwira galimotoyi?"

"Ine? Ndimachita kuizungulira patali ngati galu wa eni."

Anaimbira foni a Kompyuta, katswiri wa magetsi a galimoto, bambo wadazi wovala jekete yoyera ngati dokotala. Anafika pa njinga yamoto atanyamula kachikwama. M'menemo munali makina awo otchuka, amene amati ukawabaya pa kasoketi kobisika pansi pa chiwongolero amayankhulana ndi bongo wa galimoto, bongowo n'kunena wokha pamene pakupweteka.

"Mphindi ziwiri, chemwali," anatero. "Masiku ano sitilota, timawerenga."

Anabaya. Makina sanayake. Anazula, anauzira mpweya m'kasoketi, anabayanso. Mdima. Anawunikamo ndi tochi, anawerenga timano take kawiri, anapoperamo mankhwala, anagwedeza chingwe, anapukuta dazi.

"Makinawa dzulo lomweli agwira ntchito pa galimoto zitatu," anatero. "Ngati sakuyaka, ndiye kuti kulibe woyankha. Bongo wafa."

"Ndiye titani?"

"Kuitanitsa wina kunja. Masabata atatu, zikayenda bwino."

Kapitawo sanalire. Anavula chipewa cha kuntchito, anachipinda bwinobwino, n'kukhala pa sitepe ya khonde langa. Anati, "Galimoto ya miyezi inayi kufa bongo ili m'manja mwanga, itagona kunyumba kwa wachibale. Andifunsa chiyani, malume? Angondilandira makiyi."

Apa m'pamene munthu wolungama akanayankhula. Ndinatsegula pakamwa, ndikulumbira, mawu anali atafika pammero. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Mwina ndi kuzizira kwa m'mawaku."

Anandiyang'ana, anavalanso chipewa, nati, "Tiikankhire kwa a Munaitani."

Ndinati mkuluyo wakalamba, za galimoto zamakono sazidziwa, komanso Lolemba amakhala wolusa. Kapitawo anali ataitana kale anthu a mumsewu. Mwayi wake galaja ili kumunsi kwa msewu wathu womwewu, potsetsereka. A Kompyuta anaigwiragwira giya mpaka inalola kuyenda, amuna anayi anakankha, ine ndinathandiza ndi zala ziwiri ndi mawu olimbikitsa.

Tinafika itadutsa naini. A Munaitani anali pa tayala lawo akutsuka mabawuti m'chitini. Sanayang'ane galimoto. Analozera Kapitawo mpando.

"Agogo, nthawi..."

"Nthawi ili pa dzanja lako, sikuthawa. Munaitani?"

Mwanayo anakhala n'kuyamba kukhuthula. Lachinayi anagunda dzenje pafupi ndi mlatho. Lachisanu anadyeramo chipatso, koma makoko anatulutsa. Tsiku lina anaiwala kuzimitsa wailesi mphindi khumi. Kamodzi anaitukwana pamene hutala inamuchititsa manyazi pa maloboti.

"Basi, dzuka," anatero a Munaitani. "Iwe sunaichite kanthu. Yagona kuti?"

"Kwa malume."

Mutu wawo unatembenuka pang'onopang'ono ngati geti la dzimbiri, mpaka maso anandipeza kumene ndinaima kuseri kwa a Kompyuta.

"Akulu, khalani."

"Ndili ndi chithupsa."

"Khalirani mbali inayo."

"Zili mbali zonse."

"Munaitani?"

"Ine ndi galimoto imeneyi timangopatsana moni. Ndipo dzulo ndinali kumaliro tsiku lonse."

"A ndani?"

"Simungawadziwe. Anali munthu wachete kwambiri."

A Munaitani anatenga bawuti ina n'kuyamba kuitsuka. Ndinkawadziwa, akanatha kudikira mpaka Lachitatu. Anthu okankha aja anakhala pansi kuti aonere. Kapitawo anayang'ana wotchi, anayang'ana ine, anayang'ana mkuluyo, kenako anangoti chapansipansi, "Agogo, ntchito yanga."

Mkuluyo anaponya bawuti m'chitini n'kudzuka, mawondo akulira. Anthu anagwira pakamwa. Zaka makumi anayi, palibe amene anawaonapo akuyandikira galimoto mpando usanabale chipatso.

Boneti sanaitsegule ngakhale apo. Anapita kumbuyo, anatsegula pothirira mafuta, n'kuikapo khutu.

"Aliyense atseke pakamwa. Mwanawe, potokola kiyi pang'ono, usailize."

Kapitawo anapotokola.

"Zimitsa. Bwerezanso." Anamvetsera. "Pampu ya mafuta ikamadzuka imang'ung'udza ngati njuchi. Iyi yagona. Injini ikupempha chakudya, koma wopereka mbale kulibe." Anatembenukira a Kompyuta. "Nanga iwe wa jekete, makina ako akuti bwanji?"

"Sakuyaka n'komwe, bambo. Bongo..."

"Bongo wa ndani? Makina akowo amadya kuti?"

"Pa kasoketi pomwepo."

"Nanga kasoketiko kamadya kuti?"

A Munaitani anauza Kapitawo kuti abaye chaja ya foni yake paja pa ndudu. Foni sinaphethire.

"Pa galimoto zambiri zoterezi, pa ndudu ndi pa makina akopo amadyera mbale imodzi," anatero. "Wapita kukagogoda kunyumba yozima magetsi, ndiye ukulengeza maliro."

Anagwada movutikira, theka la thupi n'kulowa pansi pa dashibodi. Tinkangoona zidendene za nsapato zawo. Anakhalamo nthawi, ndipo ndinamva akununkhiza, fwe, fwe, ngati galu wa apolisi. Potuluka anayendetsa chala pa dashibodi, anachiyang'ana, anachinyambita pang'ono. Ine thukuta linali litafika m'masokosi.

M'dzanja mwawo munali tizidutswa tiwiri tabuluu. Anatiwunika padzuwa, anapita m'galaja, anabwera ndi chitini cha mafuta opaka nsapato chodzaza mafyuzi, anasankhamo tiwiri, analowanso pansi paja.

"Wa jekete, baya."

Makina anati pii, n'kuwala ngati sitolo. A Kompyuta anadumpha.

"Mwanawe, liza."

Khwe, vuuum!

Abale, ndamvapo makwaya, ndamvapo mvula yoyamba pa malata, koma phokoso lokoma ngati limenelo sindinalimvepo. Okankha aja anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. A Kompyuta anawerenga makina awo n'kulengeza mwaulemu kuti bongo uli moyo ndipo ulibe dandaulo. Kapitawo anagwetsa mutu pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira. Ine ndinatsala pang'ono kukhala pampando uja mwangozi.

"Chinali chiyani, agogo?" anafunsa Kapitawo atatulutsa mutu pawindo.

Ndinatseka maso kudikira nkhwangwa.

"Mafyuzi. Amapsa," anatero a Munaitani. "Thamanga, koma usathamange."

Inali teni koloko kutsala mphindi zisanu. Kapitawo anakafika ndege ikungotera kumene, ndipo Lachisanu anamulembera kalata yoti ntchito ndi yake. Fumbi la galimoto lisanathe, mkuluyo anadutsa pafupi nane akupukuta manja, nanena osandiyang'ana:

"Ndathyola lamulo langa chifukwa cha mwanayo, osati inu. Inu ndi ine sitinamalize."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudutsa kumunsi. Popita kumsika ndinkazungulira njira ya kusukulu, mtunda wowirikiza katatu, anthu n'kumayamikira kuti ndayamba kusamala thupi. Zaka ziwiri ndinayenda choncho. Akandiona patali ankangokweza kansanza kawo n'kuloza mpando, ine n'kuyamba kuchita chidwi ndi mitambo.

Anatisiya miyezi inayi yapitayo. Chifuwa chinawagwira, miyendo inatupa, galaja inatsekedwa iwo akadali moyo. Pano akuchitapo lendi a Kompyuta, munthu wabwino ndithu, ndipo masiku ano asanabaye makina amayamba wayang'ana mafyuzi. Galimoto zimakonzedwa msanga. Umafika, amabaya, amawerenga, umapita. Palibe amene amakufunsa kanthu. Umalowa ndi bodza lako, umatuluka nalo lili lonse, mwinanso litanenepa. Wogulitsa nyama akuti tsopano amagona tulo. Tonse tinapuma, kunena zoona. Koma ukadutsapo masana, pamene kale pankakhala gulu la anthu onamizira kudikira basi kuti amve wina akuulula, pamangomveka wailesi ndi kulira kwa malata padzuwa. Anthu a mumsewu wathu sitikudziwananso bwino ngati kale.

Ine ndinapita kukawaona kutatsala masiku asanu kuti atisiye. Musandiyamikire, anachita kunditumizira uthenga kuti ngati sindibwera, abwera okha pa machira. Ndinawapeza m'chipinda chawo masana, atatsamira mapilo atatu, windo lili lotsegula. Manja aja, amene oyilo sankachokamo, anali atayera ngati a mlembi. Zimenezo n'zimene zinandiwawa kuposa kuwonda kwawo.

"Akulu," anatero, mawu akutuluka ngati mpweya wa tayala. "Chithupsa chinapola?"

"Chinapola."

"Ndiye khalani."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Sanafunse n'komwe. Anangodikira.

"Inali chaja ya foni," ndinatero.

"Chaja siwotcha fyuzi yabuluu."

"Kapena inali tochi..."

"Tochi sisiya shuga pa dashibodi."

Ndinapumira m'mwamba. "Kanali kaketulo. Kenako ndinabwereka fyuzi ina pamzere wapansi."

"Ya pampu ya mafuta. Pa mafyuzi makumi atatu, munasankha imeneyo. Muli ndi dzanja, akulu." Anatsokomola, kenako ndinazindikira kuti akuseka. "Munali ndi ndani?"

"Ndekha."

"Makapu anasiya mizere iwiri. Wina anali wa shuga wambiri."

"Chabwino, ndinali ndi mlendo."

"Anakulolani?"

"Anakwatiwa ndi wokonza mawotchi."

Apa anaseka mpaka ndinachita kuwagwira msana. Ine mtima unapepuka ngati ndatula thumba la simenti limene ndinalisenza zaka ziwiri. Ndinati basi, zatha, ndamasuka. Ndinayamba kudzuka.

"Sitinamalize," anatero. "Ine ndinkadziwa kale, simunandiuze chachilendo. Mwini wake wa nkhaniyi ndi mwana uja. Mpaka lero amadzuka mbandakucha kukailiza galimoto kawiri, kuopa kuti imuchitanso chipongwe. Munamuuza?"

"Aa, kalekale! Sabata yomweyo. Tinakhala pansi, ndinafotokoza zonse, analira pang'ono, anandikhululukira, mpaka anati malume ndinu munthu wolimba mtima."

A Munaitani anatseka maso n'kupendeketsa mutu, monga ankachitira pomvetsera injini.

"Mukamanena zoona mumapuma pakati," anatero. "Apa mwathamanga osasintha giya."

"Ndikulumbira pa..."

"Musalumbire, mungadzipweteke." Anatembenuzira nkhope ku chitseko cha kukhitchini, kumene ndinkamva munthu akutsuka mbale chifikireni, ine n'kumayesa akazi awo. "Amabwera Loweruka lililonse kudzandiperekeza kuchipatala. Mwanawe! Tabwera kuno. Malume ako akuti anakuuza kalekale."

Katani inasuntha. Kapitawo anaima pakhomo, manja ali thovu lokhalokha, mbale ili m'dzanja.

"Anandiuza chiyani?"